Ndakatulo yomaliza ya a Baeten

"Chete, akulakatula!" anatero pulofesa wochokera ku Belgium, akutchinga Uchizi ndi mkono.

Uchizi anaima pakhomo, thawulo lili m'manja. Zaka zitatu wakhala akusambitsa a Cyriel Baeten kunyumba ya okalamba ku Beaumont Leys, mumzinda wa Leicester, popanda ndi mmodzi yemwe wodzawazonda. Lero kwafika alendo ndi makamera, ati nkhalambayi inalemba mabuku khumi a ndakatulo ndi nthano m'Chifulemishi, chilankhulo chakwawo ku Belgium, isanatsatire mkazi ku Leicester n'kutaya cholembera.

A Baeten anakweza chala, n'kuyamba kuyankhula pang'onopang'ono. Pulofesa misozi inalengeza.

"Chilankhulo chatsopano! Mawu a anthu awatopetsa, apanga awoawo. Mayi, izi n'zakuya, inu simungamve."

"Inde bwana," anatero Uchizi, akuluma mlomo.

Nkhalamba ija inabwerezanso, m'Chichewa chosalala, ngati Uchizi weniweni: "Kwezani mwendo agogo, shifiti yanga yatha. Mwanyowetsanso bedi!"

Mwezi wotsatira mawuwo anatuluka m'magazini ku Belgium. Manijala wa nyumba ya okalamba ija anauza Uchizi kuti akatswiri akuti ndi kulira kwa munthu wotopa, wosowa kwawo.

Uchizi anapitiriza kupinda mabulangete.

"Apo pokha sananame," anatero.