Zilembo Zinayi

"Chiweto chabisala mwa wogalukira. Zilembo zinayi," anawerenga mkamwini, nyuzipepala ili pamaondo. "Ameneyu ndi bulu, bambo. Paja bulu ngwamakani."

Mkuluyo anadzigwedeza pabedi. Masewera odzaza mawu m'timabokosi ankawadziwa kwambiri, koma chifereni ziwalo miyezi isanu yapitayo, lilime linali litauma gwa. Yankho ankaliona bwinobwino, litakhala phee pakati penipeni pa mawu oti "wogalukira". Anadzifinya, thukuta kamukamu, mkamwini atayamba kale kulemba.

"Galu!"

Mwana wake wamkazi anathamanga kuchoka kukhitchini. "Ayankhula! Bambo ayankhula!"

Mkamwini anapinda nyuzipepala pang'onopang'ono, nkhope itagwa.

"Ndimabwera kudzawacheza tsiku lililonse," anatero akuimirira, "ndiye mawu awo oyamba akhale onditukwana?"

Mkuluyo anatsegula pakamwa kuti afotokoze, koma lilime linakananso.