Mtanda Wofiira pa Khoma la Ajira

Ajira anaupeza mtandawo pochokera ku mpopi, ndowa ili pamutu. Unali waukulu, wofiira, penti yake ikadali yaiwisi, pa khoma la nyumba yake pafupi ndi chitseko. Anthu a m'njira anamuuza kuti kunabwera amuna awiri a Boma pamodzi ndi achinyamata a chipani. Analemba n'kumapita, osanena kanthu.

Anatula ndowa mwaukali, theka la madzi n'kutayika. Madzi oimira pamzere kuyambira mbandakucha!

Anazungulira dera lonse akuyang'ana makoma. Mtanda unali pa nyumba yake, pa ya Che Mustapha, nkhalamba yosoka maukonde, ndi pa zina zowerengeka. Zonsezo zinali zakale, zofolera udzu, za anthu amene anafika kuno tauni ya Mangochi ikadali kutali, afisi akulira pamene lero pali magolosale. Koma nyumba za obwera dzulo, zija zinamera ngati bowa mpaka munthu kusowa poponya phazi, zinalibe ngakhale kadontho. Nanga pamenepa mpofunika kuombeza? Boma likufuna tauni yooneka bwino, ndiye likusesa zaudzu. Che Mustapha anali atayamba kale kuzula chitseko chawo.

Kufunsa? Ufunse ndani? Chaka chatha bambo wina anaimirira pamsonkhano wa chipani n'kufunsa chifukwa chimene chinamtindi cha anthu chonsechi chili ndi mpopi umodzi. Mpaka lero mkazi wake akumudikirabe.

Chimene chinamuwawa Ajira kuposa zonse ndi khoma la Che Wadi, losalala bwino, lopanda mtanda. Munthu ameneyu anatsika m'boti kuchokera ku Makanjira ali ndi kathumba kamodzi, n'kupempha pogona kwa malemu mwamuna wa Ajira. Mlendo ndi mame, anatero malemuwo. Mame ake ati! Anamanga kachisakasa m'munda wa chinangwa. Kachisakasako kanasanduka chinyumba cha njerwa ndi malata, chotseka njira yopita kumtsinje. Anaitana abale ake, abalewo n'kuitana anzawo, munda wonse unatha psiti. Mwamuna wa Ajira atangoikidwa m'manda, Che Wadi anakumba chimbudzi chogundizana ndi chitsime cha pakhomopo, chitsime n'kufa. N'chifukwa chake mayi wa imvi ngati iye, mwini chitsime, ankakankhana ndi tiatsikana pa mpopi.

Ndiye lero agwetse nyumba imene mwamuna wake anaiumba ndi manja ake, ya Wadi itsale chiimire? Iye azikagona kuti, pansi pa mlatho? Ayi, zimenezo ndiye ayi!

Lachisanu masana kunali zii. Amuna anali ku mzikiti, akazi pamzere wa madzi, Che Wadi ali ku Limbe ndi lole ya usipa wouma. Ajira anatenga khasu n'kupala mtandawo mpaka osatsala kanthu, pamalopo n'kuzirapo dothi. Kenako anasolola pansi pa bedi kachitini ka penti yofiira, yotsala pamene malemu ankapaka boti lawo. Anaisungunula ndi palafini, anamanga kansanza ku kamtengo, ulendo kwa Che Wadi. Mzere wotsika, mzere wopingasa, basi. Ankadziwa ndithu kuti kukhudza chizindikiro cha Boma unali mlandu woti munthu amangosowa. Koma mkwiyo unaposa mantha.

Che Wadi anabwera Lamulungu. Anaima patsogolo pa khoma lawo kofia ili m'manja, kukamwa kuli yasa. Kufufuta sakanayerekeza. Anawoloka kampata kolekanitsa nyumba ziwirizo, mawu atatsika ngati a mwana wopempha mchere.

“Abiti Uladi,” anatero pomuitana Ajira ndi dzina la bambo ake, “anthu akuti mtandawu unali kwa inu. Chachitika n'chiyani?”

“Anabweranso eni ake,” anatero Ajira osadzutsa mutu. “Akuti anasokoneza nyumba. Za Boma sitifunsa, Che Wadi.”

Tsiku lonselo banja la Che Wadi linkatulutsa katundu: mipando, matilesi, wailesi, makina osokera. Mkazi wawo ankalira mokweza. Ajira sanamve chisoni ngakhale pang'ono. Anakumbukira chitsime chake, mtima n'kuti myaa. Alire, nayenso analirapo.

Lolemba m'mawa chithirakitala chogumula nyumba chinafika chikufuka utsi. Patsogolo pake pankayenda kapitawo wachilendo wochokera ku Zomba, m'mbali muli achinyamata a chipani ndi zibonga zawo. Ajira anakhala pakhonde akupeta mpunga. Sanatulutse ngakhale supuni. Ankafuna aone bwinobwino njerwa zija zikugwa imodziimodzi.

Chithirakitala chinaima pakhomo pa Che Wadi. Kapitawo anayang'ana mtandawo, anagwedeza mutu, n'kukweza dzanja. Chinthucho chinabwerera m'mbuyo pang'ono, chinakhota, chinaponda mulu wa nkhuni za Ajira n'kulunjika pakhonde pake.

Lichero linagwa, mpunga n'kumwazika.

“Mwasokera inu! Yang'anani khomali! Kuno kulibe mtanda!”

“N'chifukwa chake tabwera, mayi,” anatero kapitawo. “Mtanda anaika pa nyumba za eni malo, zoti tisazikhudze. Zopanda mtanda ndi za olowerera. Tulutsani katundu msanga.”

Ajira anatsegula pakamwa kuti aulule, anaona zibonga zija, n'kutseka. Kuseri kwa utsiwo, Che Wadi anali atayamba kale kulowetsa mipando.