Botolo Lachitatu mu Rediyeta

"Mukuthiranso lachitatu?" anafunsa agogo, ataona mkamwini wawo akukhuthulira mankhwala omata podontha mu rediyeta ya chiphapha chake cha galimoto.

"Botolo limodzi n'la galimoto zatsopano, amayi. Khalani phee, opaleshoni ya maso anuwo simuchedwa nayo."

"Mutisiya panjira, bambo. Zomatazo zidziwa bwanji bowo loipa ndi bowo labwino?"

Mkamwini anangoseka, n'kuwatsekera chitseko.

Asanafike n'komwe pamphambano, mankhwala aja anamata timapaipi tonse, madzi anasiya kuzungulira, injini inawira n'kuzima. Basi yopita kuchipatala inawadutsa agogo ali chigwirire kachikwama kawo.

Mkamwini anagwada, anasuzumira kunsi kwa galimoto, ndipo anadzuka akumwetulira.

"Bwerani mudzaone, amayi. Palibe ngakhale kadontho."