Nyenyeswa pa Mtsinje wa Yarra

Masana a Chaka Chatsopano cha ife Ayuda tinaima m'mbali mwa mtsinje wa Yarra, aliyense akuponya nyenyeswa za buledi m'madzi kuti zipite ndi machimo ake. Dzanja langa lokha linakana kufumbatuka.

Akulu anga, a Perla, anaima pafupi nane atavala chikhoto cha malemu amayi. Tinali titatha zaka zinayi osalankhulana, chifukwa kumaliro a amayiwo ine sindinapiteko.

"Iwe Gitel, bulediyo wakulakwira chiyani?" anafunsa osandiyang'ana.

"Madziwa sangandikhululukire m'malo mwanu, achemwali. Ndinalakwa. Ndinkaopa kuwaona akutsitsidwa m'manda."

Kamphepo kanayoyola timaluwa tachikasu, ndipo timaluwato tinayamba kuyandama pamadzi. Kenako a Perla anagwira dzanja langa n'kutambasula zala zanga chimodzichimodzi.

Nyenyeswa zisanamire n'komwe, abakha anazithamangira.

"Taona akulimbirana machimo ako! Chaka chino anenepa amenewa," anatero a Perla.

Ndinaseka misozi ikutsika.

"Tiye kunyumba, ndakonza maapozi ndi uchi," anatero akundikoka mkono. "Koma mbale utsuka ndiwe."