Zenera Loyang'ana Kunyanja

Mmisiri Pathé anali atagwada pasimenti, choko m'manja, akulemba mizere ya zipinda zapamwamba. Birame, mwini nyumba, anali atatsamira mzati, akuloza ndi ndodo. Codou, mkazi wake, anakwera masitepe atanyamula tiyi, koma chomwe chinamukweza si tiyiyo ayi. Ankafuna kudzionera yekha mmene akumusamutsira m'nyumba mwake momwe.

"Chipinda cha mayiwa chikhale kumapeto uku," anatero Birame. "Zenera lalikulu, loyang'ana kunyanja."

Codou anaika thireyi pansi mwamphamvu mpaka matambula analira. Kuno ku Yenne ndani amaboola khoma kunyanja? Nyumba zonse zimaifulatira. Mphepo yamchere imadya zitsulo, mchenga umalowa mpaka mumphika. Mazenera otere ndi a mahotela ndi azungu obwera kudzawamba misana padzuwa. Mwana wa msodzi nyanja imamukwana akadali kumbuyo kwa mayi ake.

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri Codou wagona chipinda chapansi, choyang'ana pabwalo. Ali pakhomo pake amaona wolowa ndi wotuluka, mphika uli pamoto, mdzukulu amene wamenya mnzake. Ana anayi anawalerera mmenemo. Lero akumukweza kumwamba ngati katundu wosafunika, amene munthu amachita manyazi kumutaya.

Galu wamkota sakandira pachabe, ndipo Codou sanali mwana. Kuyambira mwezi wa Ramadani bamboyu amapita ku Dakar sabata ndi sabata, atavala mkanjo wake woyera wa ku mzikiti. Akabwerako, mpunga wa nsomba amangoutapa kawiri n'kusamba m'manja. Foni ikalira amakayankhira kuseri kwa mabwato. Thupi nalo latha, khosi latsala ngati la nkhuku. Ndi mmene amathera madala othamangira atsikana, amayi a pamsika wa nsomba anatero, akumuyang'ana Codou ndi chisoni chonyoza chija.

"Zenera litsike," Birame anapitiriza. "Munthu atakhala pamkeka aziona madzi osaimirira. Bafa ndi chimbudzi zikhale momwemo, asamavutike ndi masitepe."

"Nanga mbali ya kubwalo, bwana, tiboole kazenera?"

"Ayi. Khoma lokhalokha."

Ndiye basi, zonse zinali poyera. Asamatsike, asaone pabwalo. Mkazi watsopano aziphika, aziseka, azitandasa nsalu zake pachingwe, nkhalamba ili kumwamba ikuwerenga mafunde. Mtima unamuwawa Codou mpaka m'mano. Akanakhala ndi kwawo akanamanga katundu tsiku lomwelo. Koma makolo anapita kale, ndipo nyumba yawo ya ku Rufisque nyanja inaimeza chipinda ndi chipinda. Alongo ake akukhala mopanikizana kwa azipongozi awo. Ukalamba wake unalibe kwina kokathera, ndipo Birame ankadziwa zimenezo.

"Ndipo ithe mvula isanagwe," anatero Birame.

Pathé anapukusa mutu, n'kutembenukira kwa Codou kuti aseketse. "Mayi, mwawina. Chipinda ichi ngakhale nduna ingasirire."

"Kaitaneni ndunayo idzagonemo."

"Ine ndimangomanga, mayi."

"Mangani. Amene anamanga khola la nkhosa lija ndinu nomwe, ntchito mukuidziwa."

Pathé anakanda m'mutu, nanena kuti waiwala tepi pansi, chonsecho tepiyo inali ikulendewera palamba wake. Anatsika masitepe mofulumira ngati munthu wothawa njuchi.

Anatsala awiri. Kunsi kwa nyumba asodzi ankakokera bwato pamchenga, akuimba. Birame anakhala pamulu wa njerwa, akupuma ngati wakwera phiri. Codou anamanga nsalu yake m'chiuno. Anali atalumbira kuti salira pamaso pa mwamuna ameneyu.

"Bambo a Fallou, ndiuzeni dzina lake. Ndisamve kwa amayi a pamsika."

"Dzina la ndani?"

"Musandiyese chitsiru. Mitala si yachilendo, amayi anga anali achiwiri. Koma mwamuna amakhala pansi n'kumuuza mkazi wake. Samutumira mmisiri ndi choko. Ali ndi zaka zingati? Amaposa mwana wathu Astou?"

Birame sanakwiye, ndipo zimenezo zinamuwawa Codou koposa. Anangoloza ndi ndodo pakati pa mizere ya choko.

"Codou, takhala apo."

"Sindikhala."

"Ndakupempha. Khala pansi ngati uli pamkeka, undiuze chimene ukuona."

Anakhala, poti kukana kunalibenso phindu. Simenti inali yotentha. Patsogolo pake panali nyanja yonse, yobiriwira pafupi, yakuda kutali, mabwato opaka utoto akubwera motsogozana. Ankaona pokocheza, ankaona amayi ndi mabeseni awo, ankaona ngakhale bwato la mwana wawo Fallou likudumpha mafunde. Kunali kokongola, ndipo kukongolako kunamunyansa.

"Ndikuona mabwato," anatero mouma. "Mwakondwa? Ndiye mundiuze, ndinakulakwirani chiyani kuti munditsekere kuno?"

Birame anagoneka ndodo yake pansi.

"Si ine ndidzakutsekere," anatero. "Mkazi wamasiye amabindikira miyezi inayi ndi masiku khumi, mwambo ukuudziwa. Mayi anga anaithera akuyang'ana khoma, anthu olira ali pikitipikiti pakhomo, ndipo sanabwererenso mwakale. Madokotala a ku Dakar akuti mvula ya chaka chino sindiiona, ndiye umusiye Pathé afulumire."