Mayi Evelesi Anenerera Malikisi

Pofika funso lachisanu, katswiri uja anali atavula jekete. Mayi Evelesi anali asanayambe n'komwe.

Katswiriyo anali Peterson, wa ku City Centre. A Shabir, eni fakitale yosoka mayunifolomu ku Area 1, anamuitana kuti adzayeze ngati pantchitopo pamawonongeka nsalu ndi nthawi. Sanabwere ndi sikelo kapena tepi. Iwe unkangoyankha kuti "pang'ono", "pakatikati" kapena "kwambiri", kompyuta n'kusakaniza mayankhowo, n'kulavula malikisi. Sukulu yonse ija, munthu n'kumayeza ngati wogulitsa bonya pamulu!

Komatu mphekesera inali itazungulira makina onse: gawo lolephera achotsako munthu. Ndipo kosokera, kumene Mayi Evelesi anali kapitawo, womaliza kulembedwa anali mwana wawo Jenifa. Miyezi itatu yokha pantchito.

"Ntchito imathamanga bwanji kuno?" anafunsa Peterson.

"Kwambiri."

"Mayi, makolala awo aunjikana, akudikira. Ndilemba pakatikati."

"Pakatikati mukalembe kwanu. Kwezani."

"Njira imeneyi imalola kukayika, mayi. Chinthu chitha kukhala chabwino pang'ono, choipa pang'ono."

"Nanga ngati kompyutayo ikukayika, inuyo mukulimbira chiyani? Kwezani, achimwene, muikeponso basela."

Anakweza. Anthu akukwana? Kwambiri. Mumamaliza msanga? Kwambiri zedi. Mayi amene wamatimati amabisala akawaona ku msika wa Lilongwe sakanagonja kwa munthu wa tayi.

A Bwanali a kodulira nsalu ankangoti "pang'ono" pa funso lililonse, uku akudandaula za sizasi zobuntha. Mayi Evelesi anapukusa mutu. Bambo wamkuluwamkulu wosadziwa kunenerera!

Lachisanu pepala linamatidwa pachitseko. Jenifa anawawerengera mayi ake: kosokera pamwamba, kodulira pansi penipeni. Nthungululu ya Mayi Evelesi inaposa phokoso la makina. A Shabir anatuluka mu ofesi n'kuwagwira chanza ndi manja awiri.

"Mwatithandiza, mayi. Kwa a Bwanali zinthu zathina, tilembako wina wodziwa kudula woti awathandize. Koma kwanu kuno, mwanena nokha, ntchito ikutha dzuwa likadali pamutu. Anthu asanu achuluka."

Anatulutsa envulopu m'thumba la malaya.

"Jenifa ndi uti?"