Mkodzo Wofiira

Dolly anasuzumira m'chimbudzi asanathiremo madzi, ndipo mtima unakhala pansi. Munali mofiira.

Ku Budiriro, dera la m'tauni kumene ankakhala, mipopi inauma kalekale, choncho m'chimbudzi ankathiramo madzi kamodzi patsiku, ndi ndowa imene iye mwini ankasenza kuchokera ku mjigo. Mwamuna wake Raul analibe pobisalira. Mkuluyu anachokera ku Cuba kudzaphunzitsa masamu, anakwatira Dolly, mwana wa Mchewa wapafamu, n'kukalambira ku Budiriro komweko. Ku kiliniki anamupeza ndi tizilombo ta chifuwa chachikulu, koma togona: sankatsokomola, ndipo sakanapatsira munthu. Anamupatsa mapiritsi akumwa kamodzi pasabata kwa miyezi itatu. Nesi anachenjezeratu kuti mankhwalawo amafiiritsa mkodzo.

Zoti matenda ogonawo sapatsirana, mwana wawo Nokutenda sanafune kuzimva. Anali atangobereka kumene kwawo ku Waterfalls, dera lina la tauni yomweyo, ndipo analumbira kuti makolo ake sadzalikhudza khandalo mpaka bambo atamaliza mankhwala. Mdzukulu woyamba Dolly ankangomuonera pafoni, ndipo zinkamuwawa zedi.

Ndiye Lamlungu lililonse ankasiya mapiritsi pambale n'kuthamangira kutchalitchi. Raul ankanyinyirika kuti iye sakudwala.

"Mukangosiya limodzi, mulongedze zanu muzipita kwanu ku Cuba," anatero Dolly.

Kwawoko Raul kunalibenso womudziwa. Umboni woti akumwa mapiritsiwo Dolly ankaupeza m'chimbudzi: mofiira Lolemba, mofiira Lachisanu, sabata yonse. Ankati mankhwala ake ndi amphamvu.

Mwezi wachiwiri Raul anayamba kuonda, poyenda ankagwira msana.

"Mayi a Noku, ndiperekezeni kuchipatala. Mtundu wa mkodzowu ukundiopsa."

"Bambo wamkulu kuopa mkodzo wake! Anesi aja ananena kuti chiyani? Mukufuna akakusiyitseni mankhwala, ine ndife osanyamula mdzukulu?"

Nkhaniyo Dolly anakaipereka pamjigo, akuyeserera mayendedwe a mwamuna wake, ndipo azimayi anaseka mpaka kutaya madzi. Kuyambira tsiku limenelo Raul sanapemphenso.

Lamlungu lomaliza litadutsa, Nokutenda anaimba foni kuti abwera ndi mwana Loweruka. Dolly anavina yekha pakhonde. Mlendo wotere salandiridwa m'nyumba yonunkha wodwala, ndiye anamudzutsa Raul, amene tsopano ankayenda chogwira khoma, n'kumukhazika panja kuti matiresi akawombedwe ndi dzuwa.

Atanyamula matiresiwo, panagwa sokosi yomangidwa mfundo. Ataimasula, mapiritsi anamwazika pansi. Anawawerenga kawiri. Onse analipo, Raul sanamwepo ngakhale limodzi.

Zimene Dolly ankakondwera nazo m'chimbudzi miyezi itatu yonseyo anali magazi.